Zaka Zoyembekezera Maitanidwe a Mulungu—Kodi Nzotayika?

1, 2. Kodi ndi funso lotani limene limavutitsa Akristu ambiri, ndipo nchifukwa ninji lili lalikulu?

MKRISTU aliyense wokonda Mulungu amafuna kuti moyo wake ukhale waphindu m'manja mwa Mlengi wake. Ena amalakalaka kuphunzitsa Mawu a Mulungu, ena kuŵeta nkhosa zake, ndipo enanso kupita kumene uthenga wabwino sunamveke. Komabe, kaŵirikaŵiri pamapita zaka zambiri chikhumbocho chisanakwaniritsidwe. Kodi zaka zimenezo nzotayika? Ndipo kodi munthu angakonzekere motani ntchito imene sakudziŵa mtundu wake kapena tsiku lake?

2 Talingalirani za mnyamata wa ku Unit A, m'dera la Seke ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe. Tauni imeneyi inapangidwa mu 1978 mwa kuphatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti ili ndi anthu oposa 370,000. Ambiri amalaŵira mbandakucha kukakwera basi za ku Harare kukasaka ndalama. Mnyamatayo sukulu anamaliza, koma ntchito yolembedwa sanaipeze. Amagulitsa tomato pamsika, ndipo madzi akasoŵa m'mipopi amakaima pamzere kumjigo. Komanso amaona ena amsinkhu wake atadzitcha aneneri, khamu likuŵatsata, galimoto ali nazo. Kwa iye funsoli likukhudza chakudya chake, ulemu wake, ndi chikumbumtima chake.

Mulungu Amaumba Munthu Asanampatse Ntchito

3. Kodi Mose anaphunziranji ku Midyani?

3 Baibulo limasonyeza kuti Yehova safulumira pokonzekeretsa atumiki ake. Pausinkhu wa zaka 40, Mose anali ndi maphunziro apamwamba a m'nyumba ya Farao, ndipo anadziona kukhala wokonzeka kuwombola mtundu wake. Anakantha Mwaigupto wina, akumalingalira kuti abale ake adzamlandira monga mpulumutsi wawo. Iwo sanatero, ndipo iye anathaŵira ku Midyani. (Machitidwe 7:22-30) Chikhumbo chake chinali chabwino, koma nthaŵi ndi njira anadzisankhira yekha. Kwa zaka zina 40 anakhala mlendo m'dzikolo, akumaŵeta nkhosa za mpongozi wake. Kumeneko anadziŵa chipululu ndi zitsime zake, naphunzira kuleza mtima kofunika potsogoza zoŵeta zosamva. Munthu amene anayamba ndi kukantha anadzatchuka ndi kufatsa.—Numeri 12:3.

4. Kodi Davide, Paulo ndi Yesu anathera kuti zaka zawo zoyembekezera?

4 Davide anadzozedwa akali mnyamata, komabe anabwerera kubusa. Mkango ndi chimbalangondo analimbana nazo kuthengo popanda womuombera m'manja, ndipo chidaliro chimene anachipeza kumeneko ndicho anaima nacho pamaso pa Goliati. Kaŵiri konse anali ndi mpata wakupha Sauli ndi kutenga ufumu msanga, koma anakana. Anakhala mfumu ali ndi zaka 30. (1 Samueli 16:13, 19, 17:34-37, 24:4-7, 26:8-11, 2 Samueli 5:4) Paulo atatembenuka anapita ku Arabiya, ndipo pambuyo pake anakhala kwawo ku Tariso kufikira Barnaba anadzamtenga. (Agalatiya 1:17, 18, Machitidwe 9:30, 11:25, 26) Ngakhale Yesu weniweniyo anadziŵika ku Nazarete monga mmisiri wa mitengo kufikira atayandikira zaka 30. (Marko 6:3, Luka 3:23) Ngati Mwana wa Mulungu sanachite manyazi ndi mpini wa sompho, kodi ife tingazitche zotayika zaka zathu za pamsika kapena kumunda?

5. Kodi nchifukwa ninji mkhalidwe uyenera kuyamba udindo usanadze?

5 Kodi nchifukwa ninji Mulungu amachita motero? Nchifukwa chakuti luso limaoneka msanga, pamene mkhalidwe umakula pang'onopang'ono, ndipo cholemera cha utumiki chimatsamira pamkhalidwe. Omanga nyumba amaidziŵa bwino mfundo imeneyi. Njerwa iumbidwe, iume padzuŵa, iwotchedwe mu uvuni, ndiyeno isenze denga. Njerwa yosapsa bwino imaoneka yokongola pakhoma m'chilimwe, koma mvula ya dzinja imaiulula, ndipo khoma likagwa limapweteka amene anagona m'nyumbamo modalira. Mofananamo, mtsogoleri wosakhwima akagwa sagwa yekha. Nchifukwa chake Paulo analangiza kuti wotembenuka chatsopano asapatsidwe uyang'aniro, ndi kuti ofuna kutumikira ayambe ayesedwa.—1 Timoteo 3:6, 10.

Misampha Iŵiri Yofunika Kuipeŵa

6, 7. (a) Kodi msampha woyamba ngwotani? (b) Kodi tingadziyese ndi mafunso ati?

6 Msampha woyamba ndiwo kudzituma. M'masiku a Yeremiya munali aneneri amene anathamanga ndi uthenga Yehova asanaŵatume. (Yeremiya 23:21) Gehazi anakhala pafupi ndi mneneri Elisa, koma mtima wake unali pa siliva ndi zovala za Namani, ndipo anatsirizira pa khate. Simoni wa ku Samariya anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. (2 Mafumu 5:20-27, Machitidwe 8:18-21) Kumene ntchito zili zosoŵa, chiyeso chimenechi chimakula, pakuti guwa lingaoneke ngati njira yachidule yopezera chakudya ndi dzina. Sitiyenera kunyoza munthu wanjala, popeza njala njoŵaŵa. Koma umphaŵi susandutsa chikhumbo cha munthu kukhala liwu la Mulungu. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

7 Chotero nkwanzeru kudzifunsa kuti: ‘Kodi ntchito imeneyi ndikanaifunabe ikanakhala yopanda malipiro, yopanda dzina laulemu, ndiponso yopanda mpando wakutsogolo? Kodi ndimakondwera pamene mbale wina aichita bwino kuposa ine? Kodi anthu amene ndikufuna kuŵalalikira ndimaŵakonda, kapena ndimakonda kuti adzindimvetsera?’ Mayankho oona mtima angakhale oŵaŵa, koma kuli bwino kuŵapeza tili tokha ndi Mulungu kusiyana ndi kudzaŵapeza mpingo utavulala kale.

8. Kodi ndi motani mmene kudzichepetsa konyenga kumakhalira msampha?

8 Msampha wachiŵiri umavala chovala cha kudzichepetsa. Ena amati, ‘Ine ndikuyembekezera Mulungu,’ koma Baibulo lawo lili ndi fumbi, ndipo akapemphedwa kuthandiza amakana. M'fanizo la Yesu, kapolo amene anakwirira talente yake sanabe kanthu, komabe anatsutsidwa chifukwa cha ulesi ndi mantha. (Mateyu 25:24-30) Mose nayenso, nthaŵi yake itakwana, anachulutsa zodzikhululukira kufikira Yehova anamkwiyira. (Eksodo 4:10-14) Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Mlimi woyembekezera mvula sakhala pakhonde manja ali m'thumba; amasosa, kugalauza mizere, ndi kusankha mbewu. Kuyembekezera kwachikristu nkotero.

Theka la Talente M'manja mwa Mulungu

9, 10. Kodi moyo wa William Koyi ukutiphunzitsanji?

9 Mbiri ya Chikristu m'maiko athu ili ndi chitsanzo chogwira mtima. William Koyi anali Mxhosa wa ku South Africa, wogwira ntchito zamanja, amene anakaloŵa sukulu ya Lovedale ali wamkulu kale. Mu 1876, Dr. James Stewart anafuna Akristu Achiafirika okathandiza mishoni ya Livingstonia kugombe la nyanja ya Malaŵi. Koyi anadzipereka, ngakhale kuti anadziyesa munthu wa theka chabe la talente poyerekezera ndi anzake ophunzira kwambiri. Anasankhidwa pamodzi ndi Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili.

10 Mulungu anali atamkonzekeretsa mwanjira imene iye sanaizindikire. Angoni a kumpoto kwa Malaŵi, anthu a Inkosi M'mbelwa, anali ochokera kumwera, ndipo chinenero chawo chinali chapafupi ndi Chixhosa chimene Koyi anayamwira. Chotero iye anakhoza kukhala pansi ndi mafumu ndi ankhondo awo, kumva zakukhosi kwawo, ndi kuŵayankha mwaulemu wa mwambo wawo. Anakhala pakati pawo ku Njuyu, napirira zaka zimene sukulu zinali zosaloledwa ndipo zipatso zinali zosaoneka, kufikira imfa yake mu 1886. Chinenero cha amake, manja ozoloŵera thukuta, ndi mtima wodekha, zimene iye sanaziŵerengere, ndizo zinatsegula khomo.

11. Kodi antchito a ku Nyasaland anakonzekera motani kudza kwa mbusa ku Salisbury?

11 Akristu ambiri olankhula Chicheŵa ku Zimbabwe ali zidzukulu za anthu a mtima wofananawo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri a ku Nyasaland anayenda pansi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za ku Southern Rhodesia. Ena a iwo anali ataphunzira kuŵerenga m'sukulu za mishoni kwawo, ndipo kuchilendo anasonkhana kupemphera m'chinenero chawo popanda wodzozedwa pakati pawo. Pamene Mbusa T. C. B. Vlok anachoka ku Nyasaland kudzatumikira ku Salisbury, amene tsopano ndi Harare, mu 1912, anapeza nkhosa zomuyembekezera. Ntchitoyo inakula kufikira inakhala sinodi ya CCAP mu 1965. Amene anaphunzira a, e, i, o, u pansi pa mtengo sanadziŵe kuti akukonzekera kudzasunga chikhulupiriro m'dziko la eni.

Zimene Mungachite Lerolino

12. Kodi nchifukwa ninji kuphunzira Malemba kokha sikukwanira?

12 Choyamba, dyani Mawu a Mulungu tsiku ndi tsiku, ndipo achiteni. Lemba la Ahebri 5:12-14 limasonyeza kuti munthu amakhwima mwauzimu pamene azoloŵetsa nzeru zake kulekanitsa chabwino ndi choipa mwa kuzigwiritsira ntchito. Ŵerengani mabuku athunthu a Baibulo, osati mavesi okhawo okometsera ulaliki. Ndiyeno tengerani zimene mwaŵerenga kumsika. Wogulitsa amene saika tomato woola pansi pa mulu, ndi amene amabweza chenje chonse kwa mwana wotumidwa, akuphunzira kale kusamalira chuma cha mpingo. Yesu anaphunzitsa kuti mmene munthu amachitira ndi zinthu zazing'ono zimaulula mmene adzachitira ndi zazikulu.—Luka 16:10.

13. Kodi mliri wa mu 2008 ukutikumbutsanji ponena za kukonzekera?

13 Chachiŵiri, tumikirani pamene pali kusoŵa, ngakhale palibe wokuonani. Elisa asanakhale mneneri wotchuka anadziŵika monga wosambitsa Eliya m'manja. (2 Mafumu 3:11) Anthu a ku Chitungwiza amakumbukira mliri wa kolera umene unabuka m'tauniyo mu August 2008 ndi kufalikira m'dziko lonse, kupha anthu oposa 4,000 pofika pakati pa 2009. Tsiku lotero silipatsa munthu mpata wophunzira chifundo. Amene amatungira madzi nkhalamba ya pafupi, kuzonda odwala, ndi kugona pamaliro m'masiku abata ndiye amakhala ndi manja ozoloŵera pamene tsoka lagwa. Maitanidwe ambiri amafika popanda kulengeza, ndipo amampeza munthu monga momwe alili.

14. Kodi mpingo uli ndi mbali yanji potsimikizira maitanidwe a munthu?

14 Chachitatu, lolani ena akuwongolereni ndi kukuchitirani umboni. Timoteo sanadzivomereze yekha. Abale a ku Lustra ndi Ikoniyo ndiwo anasimba zabwino za iye, ndipo pamenepo Paulo anamtenga. (Machitidwe 16:1-3) Paulo ndi Barnaba nawonso anatumidwa ali mkati motumikira mumpingo wa ku Antiokeya, abale atasala kudya ndi kupemphera. (Machitidwe 13:1-3) Munthu amene akumva liwu mumtima mwake, koma amakwiya akulu akampatsa uphungu, ayenera kulikayikira liwulo. Akulu nawonso ali ndi thayo. Ayenera kupatsa achinyamata ntchito zenizeni, kuŵayamikira, ndi kusaŵatsekereza chifukwa cha nsanje, pakuti ambiri odzituma anayamba atanyalanyazidwa.

15. Bwanji ngati udindo umene tikuuyembekezera sudzafika konse?

15 Komano bwanji ngati udindowo sudzafika konse? Pano mpamene pagona yankho la funso lathu. Maitanidwe aakulu a Mkristu aliyense ndiwo kufanana ndi Kristu ndi kuchita ntchito zabwino zimene Mulungu anamkonzera. (Aroma 8:29, Aefeso 2:10) Dorika sanaime paguwa, koma atamwalira akazi amasiye analira akumasonyeza zovala zimene anasoka. (Machitidwe 9:36-39) Chotero chaka chimene mwakula m'chikondi, m'kuona mtima ndi m'chipiriro sichinatayike, kaya mudzapatsidwe mpando kapena ayi. Nthaŵi ndi malo a ntchito yathu yamtsogolo zili m'manja mwa Yehova. Mbali yathu ndiyo kukhala okhulupirika pantchito imene watipatsa lero, kuti pamene adzatiitanira ku ina, adzatipeze tili okonzeka.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji Mulungu amaumba mkhalidwe asanapereke udindo?

□ Kodi ndi misampha iŵiri iti imene woyembekezera ayenera kuipeŵa?

□ Kodi chitsanzo cha William Koyi chakulimbikitsani motani?

□ Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene mungayambe kuchita tsopano?