Aliyense Akanatha

Tili ana kwathu ku Ntcheu, tinkaba tochi ya agogo usiku n'kuikanikiza pachikhatho. Dzanja linkafiira psuu ngati khala la moto. Tinkaseka, n'kuiwalako. Masewerawa ndinawakumbukira mu 2021, mayi anga atagonekedwa m'chipatala akubanika. Namwino anawapana chala ndi kachipangizo kofanana ndi chopanira zovala pachingwe, ndipo nambala imene inaoneka pamenepo ndiyo inagamula kuti apatsidwe okosijeni.

Kachipangizoka, pulse oximeter, kamaunika chala ndi kuwala kwa mitundu iwiri: kofiira, ndi kwina kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Magazi okhuta okosijeni amameza kwambiri kosaonekako, pomwe osowa okosijeni amameza kofiira. Izi akatswiri ankazidziwa kuyambira m'ma 1930, koma khungu ndi mnofu zinkasokoneza miyeso. Mu 1972, Takuo Aoyagi wa kampani ya Nihon Kohden ku Japan anazindikira kuti chimene chimagunda m'thupi ndi magazi ochokera kumtima okha. Choncho kugundako, komwe kunkaoneka ngati chosokoneza, ndiko kukanalekanitsa magazi ndi mnofu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukamva chonchi mukhoza kunena kuti, "Aa, zomwezo basi?" Mawu amenewa amagwetsa chuma m'makhoti. Malamulo a patenti, ngakhale a bungwe la ARIPO ku Harare limene Malawi ndi membala wake, amakana kupereka umwini pa chinthu chimene mmisiri wamba wa ntchitoyo akanachiganiza yekha. Kampani ya Masimo itadandaula kuti Apple yaika luso lake lounika magazi m'mawotchi, Apple inayankha kuti zambiri zinali zodziwikiratu, ndipo mapatenti angapo a Masimo anafafanizidwadi. Otsalawo analuma: mu Disembala 2023 mawotchiwo analetsedwa kulowa mu America, mpaka Apple inayamba yachotsamo luso limenelo.

Chimene chimandivuta ine n'chakuti woweruza amafunsidwa kuti aiwale zimene waona kale. Angathe bwanji? Ku Tsangano, mlimi akapatutsa madzi a mumtsinje ndi kangalande kuti alime mbatatesi m'chilimwe, chaka choyamba amamuseka. Chaka chachitatu dambo lonse ladzaza ngalande, ndipo omwe ankaseka aja amati madzi amatsetsereka okha, aliyense akanatha. Sakunama ayi. Koma dambolo linakhala zaka zingati osathiriridwa iwo ali pomwepo? Komabe sindingavomere kuti mlimiyo atsekere anzake madzi zaka 20, monga patenti imachitira, poti nayenso khasu ndi mbewu anazipeza kwa makolo.

Aoyagi anamwalira mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utangoyamba kuchititsa dziko lonse kufunafuna kachipangizo kake. Mayi atachira ndinawasimbira za munthuyu, tili pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka.

"Katochi kaja? Nanga si zomwe munkachita inu ndi tochi ya agogo anu, n'kumawathera mabatire?"