Kodi Mwini Nyimbo Ndani?

Munthu woyenda m'midzi ya ku Lundazi ndi Chasefu anthu atatha kukolola amamva nyimbo za mitundu itatu. Kwa Mphamba ng'oma za vimbuza zimalira kufikira m'bandakuca, Atumbuka ali kuciza wodwala. Kwa Mwase akazi Acewa amayimba nyimbo za cinamwali. Kwa Magodi amuna amabvina ingoma, zikopa ziri m'manja. Tsono ena a ife amene tapita m'sukulu timati zonsezi nza anthu osaphunzira. Enanso amati nyimbo yeniyeni ndi ya pfuko lao lokha. Tisanaweruze, tiyeni tifunse kumene nyimbo icokera, ndi amene ali mwini wace.

Mai wa nyimbo ndiye cinenero. M'Cinyanja mau amakwera ndi kutsika. Ponena "mtengo" wa m'thengo timakweza mau pakati, koma ponena "mtengo" wa nsaru sititero. Woyimba akapanda kusamala zimenezi, akumva amasokonezeka. Citumbuka sicisiyanitsa mau motero. Cimangotsamira kufupi ndi kumapeto kwa liu. Cifukwa cace mayimbidwe amodzi sakhala bwino m'zinenero ziwirizi monga mumodzi. Ndico cifukwa nyimbo zina za m'chalichi, zotembenuzidwa kucokera ku Ulaya, zimatsimphina m'kamwa mwathu. Donald Fraser wa ku Embangweni anaona ici, nalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'mayimbidwe a kwao, ndipo zambiri ziri kuyimbidwabe.

Atate wa nyimbo ndiye dziko. Ng'oma ndi mtengo wa m'nkhalango ndi cikopa ca nyama. Popanda izi siingakhalepo. Nyimbo ya pamtondo imatsata kugwa kwa munsi, pakuti inabadwira pa cimanga ndi mapira. Angoni anali anthu a ng'ombe ndi a nkhondo, ndipo ingoma yao silira ng'oma konse: phazi loponda pansi, cikopa ndi manja a akazi ndizo zimasunga mayendedwe ace.

Koma mbiri ya Angoni omwewo itiphunzitsa kuti nyimbo simangika. Anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835, nakwatira akazi a mitundu imene anaigonjetsa. Ana anayamwa cinenero ca amai ao, kotero kuti lero kwa Magodi anthu amalankhula Citumbuka. Cingoni cinatha pabwalo, koma mau ace ena anabisala m'nyimbo za ingoma, ndipo nyimbo zina zatsopano zipekedwa m'Citumbuka. Nanga nyimbo yotere nja yani? Kodi nja agogo ocokera kumwera, kapena nja amai Acitumbuka amene anailera?

Malire a maiko naonso sayankha funsoli. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza vimbuza monga cuma ca anthu onse, ndipo linalemba dzina la Malawi. Komatu Mtumbuka wa ku Lundazi amabvina vimbuza monga mbale wace wa ku Mzimba. Mzere umene Azungu analemba pamapu sunaletse ng'oma kumveka tsidya lina.

Ine ndiganiza kuti mwini nyimbo ndiye amene aisunga, naiyimba mwaulemu, naiphunzitsa mwana. Akulu anati gule ndi ali yense, kulakwa nkuthyola mwendo. Kubwereka nyimbo ya mnzako si kuba, malinga ukumbukire kumene unaitenga, ndipo usaipotoze kuti anthu akuseke nayo eni ace. Kuinyoza ndiko kulakwa, pakuti wonyoza nyimbo anyoza lilime ndi dziko zimene zinaibala, ndipo palibe munthu anadzisankhira yekha lilime la amace.

Pali coopsa cimodzi cimene ife ophunzira tiyenera kuciganizira. Nkhalamba yodziwa nyimbo makumi asanu ikamwalira popanda woilandira, nyimbozo zilowa nayo m'manda, ndipo palibe boma kapena bungwe lingazifukule. Inu amene mwatsiriza sukulu muli ndi cinthu cimene agogo analibe: mudziwa kulemba. Mukapita kumudzi khalani pansi madzulo, mufunse tanthauzo la mau akale, mulembe, ndipo koposa zonse muyimbe nao. Mukacita manyazi lero, adzukulu anu adzafunsa nyimbo ya kwao kwa alendo.