Ndalama Zikachepa, Ayambe Kudikira Ndani?

Zimachitika pa tsiku la Paper Sunday. Dzina la mwini golosale latchulidwa kutsogolo, envulopu yake ndi yonenepa, amayi nthungululu. Pa benchi yomaliza pakhala mlonda wa golosale yomweyo, amene watha miyezi iwiri osalandira malipiro. Onse awiri alandira Ukaristia pa Misa imodzi. Kodi chopereka chimenecho ndi cha yani?

Malembo Oyera sazungulira pa nkhaniyi. Deuteronomo mutu 24 amalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo chifukwa chake chaperekedwa: moyo wake wadalira pa ndalamazo. Kalata ya Yakobe mutu 5 imanena za malipiro obisidwa ngati chinthu chokhala ndi mawu, chodandaula mpaka Mulungu amve. Nʼchifukwa chake Katekisimu wa Mpingo amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo olirira kumwamba, mʼgulu limodzi ndi magazi a Abele. Ambiri amadabwa akamva zimenezi, poti kuchedwetsa malipiro kunazolowereka ngati nkhani ya mʼmabuku a bizinesi chabe, yosayenera kupita nayo kokalapa.

Mwini bizinesi naye ali ndi mbali yake, ndipo si yabodza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yopikulira katundu inakwera nthawi yomweyo. Makasitomala anatenga zinthu pangongole, ena ndi abale ovuta kuwakumbutsa. Lendi ya shopu siidikira. Alipo mabwana amene amagona osadziwa kuti mawa atsegula nʼchiyani.

Komatu ndalama zikachepa, wina amayenera kudikira, ndipo amene amasankha wodikirayo ndi bwana. Apa ndi pamene chikhulupiriro chake chimaonekera. Kawirikawiri amayamba kulipidwa ndi amene angathe kuvuta: banki, mwini nyumba, woperekera katundu. Mlonda ndi mtsikana wa pakauntala amaikidwa kumapeto chifukwa iwo sangatseke shopu, ndipo akudziwa kuti kunja kuli anthu khumi ofuna malo awo. Kuchedwetsa malipiro awo nʼkubwereka ndalama kwa munthu wosauka, osamupempha, osamupatsa chiwongoladzanja, pamene iyeyo akukatenga katapira kuti agule ufa.

Papa Leo XIII anaona zomwezi mu 1891, mʼkalata yake ya Rerum Novarum. Anaphunzitsa kuti wantchito akavomera malipiro oipa chifukwa cha umphawi kapena mantha, kuvomerako sikusandutsa chinthucho chilungamo. Choncho mawu akuti "koma anavomera yekha kudikira" samasula aliyense. Munthu wopanda kolowera amavomera chilichonse, nʼkuthokozanso.

Bwana wachikhristu amene zamuthina angathe kusonkhanitsa antchito ake nʼkuwauza zoona, osati "tionana mawa" wa tsiku ndi tsiku. Angathe kutchula tsiku lenileni lolipira, kupereka zochepa zimene zilipo kuyambira kwa wolandira pangʼono, iye mwini nʼkukhala womaliza kutenga. Galimoto yatsopano ingadikire. Ngakhale envulopu ya ku tchalitchi ingadikire: pa Mateyo mutu 5 Ambuye amauza wobwera ndi mphatso ku guwa kuti ayambe wakakonza mlandu ndi mbale wake. Ntchito yomanga holo ya parishi ikhoza kuchedwa ndi mwezi umodzi, koma mwana wa mlonda akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, teremu imeneyo yapita.