Kubiriwira kwa Muloza Sikukwana M'makina

Aliyense wokonza zikwangwani, malebulo ndi makalendala pa kompyuta kuno ku Muloza amadziwa kuti anthu amafuna phiri la Mulanje. Wogulitsa uchi amalifuna pa botolo, mpingo umalifuna pa kalendala, wa golosale ku Limbuli amalifuna kuseri kwa dzina la shopu yake. Onsewo amalifuna monga amalionera akatuluka m'nyumba m'mawa: tiyi m'munsi, nkhalango pakati, thanthwe pamwamba. Maonekedwe a phiri makina amawagwira. Chimene chimakanika ndi kubiriwira kwake.

Sikirini imapanga mitundu yake posakaniza kuwala kutatu kokha, kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Kulikonse kuli ndi magawo 256, ndipo mukawachulukitsa mumapeza mitundu yoposa 16 miliyoni. Pulinta ilibe kuwala, ili ndi inki zinayi. N'chifukwa chake kubiriwira komwe kumawala pa sikirini kumatuluka pa pepala kutazilala ngati nkhwani yogonetsa. Umasintha manambala, n'kusindikizanso, pepala n'kutha. Mwina pulogalamu n'kuuma ntchito usanasunge. Zimapweteka mtima, ndipo nthawi zambiri ndimadzuka pampando n'kukaima panja.

Panjapo mpamene pali chodabwitsa. Nsonga imene othyola tiyi amabudula, masamba awiri ndi kamphukira, imakhala yobiriwira mopita ku chikasu, yanthete moti dzuwa limapyola. Masamba akale a m'munsi ndi oderako, onyezimira. Mzere umodzi wa tiyi uli ndi kubiriwira kosawerengeka, ndipo chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu n'kutsika, munda wonse umasintha usanamalize kuuyang'ana. Akatswiri a zomera amati tsamba limameza kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu popanga chakudya chake, ndipo kobiriwira ndi kumene limabweza. Ndiye kuti kukongola konseku, kochokera ku Chitakale mpaka pa mlatho wa m'malire, ndi kuwala kumene tsamba lasiya litakhuta. Namalenga anaika ulemerero wotere m'zotsala! Ndikaganiza zimenezi ndimasowa chonena.

Pa zilembo napo pali nkhondo yake. Pano pa chipata chikwangwani chimayenera kulankhula ndi wa ku Mulanje komanso wa ku Milange ku Mozambique. Chipwitikizi chimafuna ç ndi ã, pamene ife tikafuna kulemba Malaŵi timafuna ŵ. Mafonti ambiri okongola alibe ŵ, ndipo m'malo mwake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, ndiye kachipewa kaja umachita kukajambula pamanja. Ndimamvetsa chimene chinachititsa Nolence Mwangwego kuyamba kupanga zilembo zathuzathu mu 1979, ntchito imene anadzaionetsa kwa anthu mu 1997. Zaka zonsezo zinathera pa timizere.

Koma fonti yabwino n'chiyani? Ndi zilembo zosiyana zomwe ukaziona umadziwa kuti zinatuluka m'dzanja limodzi: pokhuthala pakugwirizana, popyapyala pakugwirizana, mipata ikupuma mofanana. Tengani masamba awiri a tiyi muwaunike padzuwa. Mitsempha yake siifanana ndendende, komabe simungawasokoneze ndi a bulugamu. Ntchito imene munthu amaivutikira zaka pa zilembo makumi ochepa, m'munda umodzi yachitika kambirimbiri, ndipo mawa kuphukanso ena. Pamwamba pa phiri pali mkungudza, umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha padziko lonse. M'nkhalango zake muli nadzikambe amene sapezeka kwina. Chilichonse chili ndi kalembedwe kake, koma dzanja ndi lomwelo.

Mvula ikagwa usiku, m'mawa thanthwe limakhala ndi mizere yoyera ya madzi, ina yokhuthala, ina yonga ulusi. Mwalawo unauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo unaonekera miyala yofewa yozungulira itakokoloka, mpaka nsonga ya Sapitwa inatsala ili njo pa mamita 3,002. Mizere ya madzi ija imafika masana itafufutika, pa mwala wakale chonchi.

Anzanga ena amanyoza zojambula zamakono, zija za madontho ndi mizere zopanda nkhope ya munthu, amati ndi zolembalemba za mwana. Ine sindivomereza. Akayang'anitsitse ndere zomera pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, zotuwa, zachikasu, zina zobiriwira pang'ono, mmene zimakumanirana popanda kulimbana. Akapitenso ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pa miyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Akafula anajambula kumeneko mizere ndi zozungulira zofiira kalekale. Maso awo anaphunzira ku chilengedwe chomwechi. Chimene ine ndimadana nacho ndi ulesi wotenga chithunzi cha phiri la kunja pa intaneti n'kuchimata pa lebulo ya uchi wa ku Mulanje.

Kudabwa kwanga kuli ndi mantha mkati. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yosaleka, ndipo madzi aja okongola pa thanthwe anatsika ndi matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu. Muloza inalira. Phiri linatsala ndi zipsera zazitali kuchokera pamwamba mpaka m'munsi. Kompyuta ili ndi chida chimene chingazichotse pa chithunzi m'kamphindi, n'kudzazapo kubiriwira. Pamenepo sindichigwiritsa ntchito, chifukwa kumunsi kwa zipserazo kunali nyumba za anthu, ndipo abale awo ndi amene adzapachike kalendalayo pakhoma.