Kumene Mawu Akuchokera

Kunja kusanayere bwino, tiyeni tiganizireko za makutu athuwa.

Tambala akalira kuseri kwa nyumba, simuchita kutembenuka kuti mudziwe kumene ali. Kulirako kumafika khutu limodzi msanga kuposa linzake, ngakhale kusiyana kwake sikukwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo mutu umatchingako pang'ono mbali inayo. Ubongo umawerengera zonsezi osatifunsa.

Opanga nyimbo akhala akulondola nzeru imeneyi kwa zaka zambiri. Mu 1931, Alan Blumlein wa kampani ya EMI ku Britain analembetsa njira ya stereo, ya kumanzere ndi kumanja. Ena amajambula ndi mutu wochita kupanga, monga Neumann KU 100, wokhala ndi maikolofoni m'makutu mwake. Njira ya Dolby Atmos inayambira m'mafilimu mu 2012, ndipo mu 2021 Apple Music inaifikitsa kwa omvera ake. M'njira imeneyi wosakaniza nyimbo amatha kuika gitala kumbuyo kwanu, kwaya pamwamba, woimba patsogolo penipeni.

Ine chimandikhudza n'chakuti ufulu woterewu umafuna kudziletsa. Ena amazunguza chida chilichonse mpaka womvera kuchita chizungulire, nyimbo n'kumwazika. Waluso amasiya ng'oma ndi besi pamalo pake kuti nyimboyo ikhale ndi msana, n'kutumiza kumbuyo kuwomba m'manja ndi kamvekedwe ka chipinda chojambuliramo. Akatero amaimvetseranso pa mahedifoni wamba, poti ambirife tidzaimvera pamenepo.