Mawaya Adutsa pa Chintheche, Nanga Akuunikira Yani?

Pa Chintheche pali siteshoni ya ESCOM pamene mawaya akuluakulu ochokera kum'mwera amafikira asanakwere mapiri kulowera ku Mzuzu. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America, panamangidwa mzere watsopano wa 132kV wochokera pano kukafika ku Luwinga ndi ku Bwengu. Komabe m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja, dzuwa likalowa anthu amayatsa tochi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri.

Vuto loyamba ndi komwe magetsiwo amachokera. Ochuluka amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumpoto kuli kasiteshoni ka Wovwe ku Karonga, kosafika ndi mamegawati 5. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo malo ogona alendo a ku Chintheche ndi Kande anazimiridwa magetsi chifukwa cha madzi osefukira ku Chikwawa.

Magetsi oyendera dzuwa athandizako. Ku Nanjoka ku Salima kuli mamegawati 60 kuyambira 2021, ku Golomoti 20 okhala ndi mabatire, ku Nkhotakota 21. Koma onsewa amathira mphamvu zawo m'mawaya a ESCOM, ndiye amapindulira amene analumikizidwa kale. Ntchito yaikulu yomanga siteshoni yatsopano ya magetsi ya Mpatamanga nayo ili pa Shire pomwepo.

Akuluakulu a pa Chintheche amadziwa mmene mapulani olembedwera kutali amathera. Mitengo ya paini ya ku Chikangawa inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale yopanga zipangizo za mapepala yomwe boma linkafuna kumanga m'mbali mwa nyanja kuno. Mitengo inakula, fakitale sinamangidwe.

N'chifukwa chake okonza ndondomeko ayenera kuyamba ndi funso lakuti magetsiwo adzagwira ntchito yanji. Asodzi a kauni ambiri anasiya nyali za parafini, akugwiritsa ntchito mababu a batire, ndipo batirelo limafunika kutchaja tsiku ndi tsiku. Nyengo ya mvula usipa umaolera pathandala chifukwa chosowa dzuwa loumitsira, pamene nsomba zikuluzikulu zimagulitsidwa motchipa posowa ayezi. Amayi amafuna chigayo chapafupi chogayira makaka a kondowole. Awa ndi makasitomala okonzeka kulipira, chifukwa magetsi angawabweretsere ndalama.

Ena amati timasiteshoni ting'onoting'ono topangira magetsi pafupi ndi makasitomala oterewa n'todula, ndipo yuniti yake imakwera mtengo kuposa ya ESCOM. N'zoona. Koma kukoka mapolo makilomita ambiri kupita kumudzi kumene nyumba zochepa zokha ndizo zingakwanitse kuika mawaya nakonso n'kodula, ndipo ndalama za MAREP, pulogalamu yofikitsa magetsi kumidzi, zimachokera ku msonkho womwe aliyense amalipira pogula mafuta agalimoto. Zitsanzo za timasiteshoni ting'onoting'ono zilipo kale. Ku Bondo ku Mulanje, kampani ya MEGA imagulitsa magetsi ochokera mumtsinje wa Lichenya kwa anthu akumudzi. Pa Likoma ndi Chizumulu, kampani yopanga magetsi ya EGENCO inaika mapanelo adzuwa kuti ichepetse kudalira dizilo.

Boma la Nkhata Bay, momwe muli Chintheche, limalandira mvula yambiri, ndipo mitsinje ngati Luweya imayenda chaka chonse. Khonsolo ya boma, mafumu ndi makomiti a asodzi pamadoko angathe kulemba malo oyenera makina ang'onoang'ono amadzi ndi madoko oyenera mapanelo, kenako n'kupempha unduna woona za mphamvu zamagetsi ndi bungwe lopereka zilolezo la MERA kuti aike malowo pa ndondomeko ya dziko ndi kufulumizitsa zilolezo za ofuna kumangapo.