Nyali za Chifunga: Kodi Kuwala Kochuluka N'kuona Kochuluka?

Nyali za chifunga, zimene amakaniko ndi ogulitsa masipeyala amangozitchula kuti ma fog light, ndi nyali ziwiri zing'onozing'ono za m'munsi mwa bampala wa kutsogolo kwa galimoto. Anaziika pansi dala. Chifunga ndi timadontho ta madzi tongoyandama mumpweya, ndipo kuwala kukatigunda, kwina kumabwerera komwe kwachokera. Nyali ikakhala pafupi ndi msinkhu wa maso a dalaivala, kuwala kobwererako kumamulowa m'maso, iye n'kumangoona chikhoma choyera mbee. Nyali ya m'munsi imaponya kuwala kotambasuka, kokwawa ndi tala, kuti pangooneka mzere wa m'mphepete mwa msewu ndi mamita ochepa a kutsogolo. Kuwalako kuli ndi malire pamwamba pake, ndipo galasi ndi mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali zinaumbidwa kuti zisunge malirewo.

Titenge chitsanzo cha tawuni ya Livingstone. Kumeneko chifunga si mlendo wa tsiku ndi tsiku monga chilili ku Chikangawa kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni. Tawuniyi ndi yotentha ndi youma. Zimene zimatseka maso kumeneko ndi mvula yamkuntho ya Disembala mpaka Febuluwale, fumbi ndi utsi wa tchire m'chilimwe, ndiponso nthunzi ya mathithi a Mosi-oa-Tunya, makilomita 10 kuchokera m'tawuni, imene imanyowetsa mlatho womangidwa mu 1905 pafupi ndi mathithiwo, mtsinje wa Zambezi ukadzaza. Koma misewu yake ndi ya maulendo ataliatali ndipo usiku imakhala mdima wokhawokha: wa T1 wodzera ku Zimba, Kalomo ndi Choma kulowera ku Lusaka, ndi wa M10 wopita ku mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu 2021 ndipo malole amadutsapo osaleka. Mdima umenewu ndiwo umachititsa mwini galimoto kuyang'ana tinyali take ta m'munsi n'kuganiza zotiwonjezera mphamvu.

Magalimoto ambiri a kumeneko ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo nyali zawo za chifunga zimakhala ndi mababu a halojeni, monga H11 kapena H3 a mawati 55, kapenanso H8 wa mawati 35. M'kati mwa babu yotere muli kawaya kopota kamene kamayaka, ndipo mbale yonyezimira inapindidwa molingana ndi pamene kawayako kamakhala. Munthu akachotsa babuyo n'kulowetsamo ya LED, kuwala kumachokera pa timbale tathyathyathya tokhala pamalo ena, ndipo nthawi zambiri malire aja amasokonekera: kuwala kumamwazikira m'mwamba. Akaikamo halojeni ya mawati 100, kutentha kumatha kusungunula pulasitiki ndi mawaya. Mtundu wa kuwala nawonso umasintha. Halojeni imawala mwachikasu pang'ono, pamene ma LED ambiri a m'mashopu amawala moyera kopita ku buluu, ndipo kuwala kotere kumavutitsa maso kukabwerera kuchokera ku madontho a mvula.

Apa ndipo pagona funso loyamba, lakale kuposa galimoto: kodi kuwala kukachuluka, kuona kumachulukanso? Anthu amalankhula ngati yankho ndi lodziwikiratu. Wosadziwa amati ali mumdima, wophunzitsa amati akuunikira anzake. Koma diso limazolowera chimene chikuwala kwambiri patsogolo pake. Mamita 15 a pafupi akawala ngati masana, kamboni ka m'diso kamachepa, ndipo zakutali, kumene kukuchokera ngozi, zimada kuposa kale. Dalaivala amamva mumtima kuti akuona bwino, n'kuponda moto, chonsecho mtunda umene akuona wafupika. Kutsimikiza mtima kwakula pamene chidziwitso chachepa. Plato, pofotokoza fanizo lake la phanga, anaona kuti maso amasokonezeka pawiri, pochoka m'kuwala kulowa mumdima ndiponso pochoka mumdima kulowa m'kuwala.

Mathithi enieniwo amaphunzitsa zomwezi kwa aliyense wowayendera. Ndi otambalala mamita 1,708, akuya pafupifupi mamita 108. Cha mu Epulo, madzi akafika pachimake, nthunzi imakwera mamita mazanamazana ndipo woima pa mlatho wa Knife-Edge amanyowa thupi lonse, kumva kugunda m'chifuwa, koma mathithiwo osawaona bwino. Mu Okutobala ndi Novembala, madzi ataphwera, m'pamene thanthwe ndi kuya kwa phompho zimaonekera. Palinso utawaleza wa usiku, umene umaoneka m'nthunzi mwezi ukakhala wathunthu. Umafuna kuwala kofooka ndi maso ozolowera mdima. Woyatsa tochi amauzimitsa kwa iye mwini ndi kwa oyandikana naye. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aleya a kwa mfumu Mukuni, eni dera, akhala akulemekeza malo a pa mathithiwa ngati opembedzerapo kuyambira David Livingstone asanafikepo mu 1855, ndipo n'zochititsa chidwi kuti malo opatulikawo ndi amene diso silitha kuwaloza bwinobwino.

Chikhristu, chimene chimakonda kwambiri chifaniziro cha kuunika, chili ndi mbali imeneyinso. M'buku la Eksodo, Mose anakumana ndi Mulungu atalowa mumtambo wakuda pa Sinai, ndipo Gregory wa ku Nyssa, m'zaka za m'ma 300, anamasulira nkhaniyi kuti wofuna kudziwa Mulungu amafika pozindikira kuti Iye saoneka. Saulo, pa njira ya ku Damasiko, kuwala kwakukulu kunamuchititsa khungu masiku atatu, ndipo anachita kumugwira dzanja polowa mumzinda. Salimo 119 limayerekeza mawu a Mulungu ndi nyale ya kumapazi, ndipo nyale ya dothi ya nthawi imeneyo inkangoonetsa popondapo. Nyali ya chifunga ndi ya mtundu womwewo. Sichotsa chifunga, imapatsa woyenda mamita okwanira kuti apitirire, bola ayende pang'onopang'ono.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo, chifukwa limakhudza munthu wina. Kuwala komwazikira m'mwamba kuja kumakathera m'maso mwa amene akubwera kutsogolo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala wothobwa m'maso kwa masekondi atatu wayenda mamita opitirira 60 ali wakhungu, ndipo maso a wachikulire amachedwa kuchira kuposa a mnyamata. M'mamita amenewo mungakhale wapanjinga wonyamula matumba a makala, mayi wobwerera ku msika wa Maramba, kapena njovu, pakuti msewu wa ku mathithi umadutsa m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya ndipo njovu zimawoloka pamenepo. Levitiko 19 imaletsa kuika chopunthwitsa patsogolo pa wakhungu. Wothobwa mnzake amachita zoposa pamenepo, popeza khungulo walibweretsa ndi iyeyo. Chimene chimavuta n'chakuti mlanduwu sauona: amadutsa, osadziwa zimene zachitika kumbuyo kwake, ndipo chikumbumtima sichimutsutsa pa chinthu chimene sanachione.

Woika mababu owala kwambiri ali ndi zifukwa zomveka. Maenje alipo, malole ofera panjira opanda chizindikiro alipo, ndipo m'galimotomo muli ana ake. Amanenanso kuti ena onse anaika kale, ndiye iye yekha akhalirenji mumdima? Mfundo yomalizayi ndi imene imaononga msewu wonse. Aliyense akawonjezera kuwala kuti apose mnzake, onse amathobwana, ndipo palibe amene akuona bwino kuposa kale. Umunthu, umene umati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, pano uli ndi tanthauzo logwirika: magalimoto awiri akamapatukana pa tala wopapatiza, moyo wa aliyense uli m'maso mwa mnzakeyo. Wochititsa khungu wobwera kutsogolo wachititsa khungu munthu amene akuyenera kumulewa.

Kukonza nyali za chifunga kumene kumalemekeza mbali zonse ziwiri n'kotheka. Galasi lachikasu ndi lochita mbuu chifukwa cha dzuwa limapukutidwa, ndipo kuwala kwambiri kumabwerera popanda kusintha babu. Babu yotopa imalowedwa m'malo ndi ya nambala ndi mawati omwewo, osagwira galasi lake ndi zala, poti mafuta a m'manja amaifupikitsa moyo. Wofuna LED amasintha nyali yonse n'kuikapo imene inapangidwira LED, kuti malire a pamwamba asungike. Kuwala kwachikasu, kumene dziko la France linkalamula pa magalimoto ake kuyambira m'ma 1930 mpaka 1993, ambiri amakupeza kofewa m'maso pa mvula. Pomaliza galimoto imaimikidwa pamalo osalala moyang'ana khoma, ndipo nyali zimatsitsidwa mpaka mzere wa pamwamba pa kuwala utakhala m'munsi mwa msinkhu wa nyalizo. Nyalizi zili ndi switchi yakeyake, yosiyana ndi ya nyali zikuluzikulu, kuti usiku wopanda mvula, fumbi kapena utsi zizikhala zozimitsa.